Lipoti la vuto la ma proxy mu kaundula wa zosintha pa ngongole ku Mangochi

Lipotili likufotokoza vuto limene ndinalondola pa pulogalamu ya bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Mangochi, lomwe lili ndi ofesi yaikulu pa boma ndi nthambi zing'onozing'ono m'mbali mwa nyanja komanso kumtunda cha ku Namwera. Mamembala ake ambiri ndi eni mabwato ndi makoka, amayi ogula usipa ndi utaka pa madoko n'kukagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndiponso alimi. Pulogalamuyi inalembedwa mu PHP pa Symfony, deta imasungidwa mu MongoDB, ndipo pakati pa ziwirizi pali Doctrine MongoDB ODM, yomwe imasandutsa madokumenti a mu database kukhala ma object a PHP ndi kuwabwezanso. Sindinailembe ine kuyambira pachiyambi. Ndinailandira kwa mnzanga amene anapita kukagwira ntchito kwina, ndipo ndimaisamalira pa mgwirizano wa chaka ndi chaka.

Mbali imene inavuta ndi kaundula wa zosintha. Munthu akasintha kanthu pa ngongole, kaya ndi chiwongoladzanja, tsiku lomaliza kubweza, chikole, chindapusa kapena mlangizi woyang'anira ngongoleyo, pulogalamu imayenera kulemba mzere mu collection (gulu la madokumenti a mtundu umodzi mu MongoDB) yakeyake wonena kuti wasintha ndani, liti, panali chiyani ndipo tsopano pali chiyani. Mabungwe otere amayendetsedwa ndi lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 ndipo amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, choncho funso lakuti ndani anakhudza ngongole ya membala si la ife a makompyuta tokha. Limafunsidwa ndi komiti yoyang'anira, owerengera chuma ochokera kunja, ndiponso membala mwini wake akaona kuti ndalama imene akuuzidwa si imene ankayembekezera. Kaundulayu amadzazidwa ndi listener, kachidutswa ka khodi kamene kamadikira chochitika cha onFlush, nthawi imene Doctrine amakhala atawerengera kale zonse zosintha koma asanatumize kalikonse ku MongoDB. Listener imafunsa UnitOfWork, mbali ya Doctrine yolondola zosintha zonse, mndandanda wa madokumenti oyenera kulembedwa, kusinthidwa kapena kufufutidwa, n'kutenga pa iliyonse zimene getDocumentChangeSet ikubweza, zomwe ndi chakale ndi chatsopano pa field iliyonse imene yakhudzidwa.

Vuto loyamba, limene linkamveka

Foni inabwera kumayambiriro kwa Novembala, pamene nyanja imatsekedwa kwa a makoka kuti nsomba ziswane. Nyengo imeneyi ofesi imakhala ndi ntchito yambiri yosuntha masiku obwezera ngongole, chifukwa msodzi amene khoka lake layanikidwa pamtunda alibe pogwira, ndipo wogula nsomba naye amakhala wopanda katundu wopita naye kumsika. Chaka chimenecho zinakumana ndi kuchoka kwa mlangizi mmodzi wa ku nthambi ya kunyanja, ndipo a manijala ankafuna kugawa ngongole zake kwa alangizi awiri otsala.

"Achimwene, ndikasankha mlangizi watsopano n'kudina posunga, tsamba likungoyera n'kulemba 500," anatero a manijalawo. "Za alangizi ena zikutheka bwinobwino, koma za uja wachoka uja zikukana zonse."

"Pepani mayi, musayesenso kaye, ndione mu log ndikuimbirani," ndinayankha.

Mu log munali DocumentNotFoundException, yonena kuti dokumenti ya kalasi ya Wantchito yokhala ndi nambala yakutiyakuti sinapezeke. Njira imene vutolo linadutsa inkayambira mu listener ya kaundula n'kulowa mu kalasi ya dzina lalitali loyamba ndi MongoDBODMProxies, kalasi imene palibe munthu anailemba ndi manja. Ndinakhazika mtima pansi nditaona kuti linatulukira mu onFlush, chifukwa zikatero ndiye kuti palibe chimene chinafika ku database. Ngongole zinali mmene zinalili, osati theka lasintha theka ayi.

Kuti zotsatirazi zimveke, ndiyenera kunena mmene proxy imagwirira ntchito. Dokumenti ya ngongole simakhala ndi mbiri yonse ya mlangizi mkati mwake, imangosunga nambala yake, yomwe ndi ObjectId ya ma byte 12 imene imaoneka ngati zilembo ndi manambala 24. Doctrine akamakweza ngongole sathamangiranso kukatenga mlangizi, membala ndi nthambi, chifukwa akanatero tsamba limodzi likanakoka theka la database. M'malo mwake amaika object ya kalasi yopangidwa ndi makina, mwana wa kalasi yeniyeniyo, imene ili ndi nambala yokha, ndipo imeneyi ndiyo proxy. Ili ngati thumba lopanda kanthu lolembedwa nambala ya mwini wake, loikidwa pamzere pamodzi ndi matumba odzaza: ukamawerenga nambala pa thumbalo palibe chimachitika, koma ukangopisamo dzanja, wina amathamangira ku nkhokwe kukatenga zoyenera kukhalamo. Ukafunsa proxy dzina la mlangizi, pamenepo ndi pamene imapita ku MongoDB, ndipo ikapanda kupeza kanthu imaponya vuto lija pamalo pamene wafunsira, ngakhale patakhala patali ndi pamene ngongole inakwezedwa.

Ndinayamba ndi zinthu ziwiri zimene aliyense wozolowera Doctrine amayamba nazo. Choyamba ndi mafayilo a ma proxy otsalira. Makalasi amenewa amalembedwa mu foda ya cache, ndipo munthu akawonjezera field mu kalasi yeniyeni osawapanganso, proxy yakale siidziwa field yatsopanoyo, motero kuiwerenga sikuchititsa kuti deta ikatengedwe. Ndinafufuta cache n'kuipanganso, koma sizinasinthe kanthu. Chachiwiri ndi nambala yoloza ku dokumenti imene inafufutidwa. MongoDB saletsa zimenezi monga ma database a matebulo amaletsera ndi foreign key. Ukhoza kufufuta wantchito lero, ngongole zake n'kukhala zikulozabe kwa iye mpaka kale. Ndinali wotsimikiza kuti ndi chimenechi, moti ndinatsegula mongosh, chida chofunsira MongoDB mwachindunji, nditakonza kale mawu ofunsira a manijala kuti ndani anafufuta akauntiyo. Dokumenti inali pomwepo, yathunthu, dzina ndi nthambi zonse zilipo, kungoti field ya yatsekedwa inali true.

Ndinataya nthawi yaitali pamenepa, chifukwa mutu unkakana kuti chinthu chimene ndikuchiona ndi maso pulogalamu izinena kuti kulibe. Yankho linali mu sefa imene mnzanga uja analemba kalekale. Doctrine amalola kuika filter, sefa imene imawonjezera chofunika china pa funso lililonse lopita ku collection inayake, ndipo yathu inkati pa antchito pazibwera okhawo amene sanatsekedwe, kuti munthu wochoka asamaoneke pa mndandanda wosankhapo alangizi. Chimene sindinkachiganizira n'chakuti proxy ikamapita kukadzidzaza imadutsa pa DocumentPersister, mbali ya Doctrine yomwe mafunso ena okweza dokumenti amadutsaponso, ndipo sefa imaigwiranso. Kwa proxy, wantchito wotsekedwa ndi wantchito wofufutidwa ndi chinthu chimodzi. Masamba ongoonetsa ngongole anali ndi mzere wozimitsa sefayo, n'chifukwa chake dzina la mlangizi wochokayo linkaoneka bwinobwino pa sikirini, koma njira yosungira inalibe mzere umenewo. Ndipo zaka zonsezi mwambo wa ofesi unali wogawa kaye ngongole za munthu asanamutsekere akaunti. Ulendo uno anatseka tsiku lomwelo limene anachoka, chomwe ndi chinthu choyenera kuchita, ndiye vuto limene linagona nthawi yonseyi linadzuka.

Njira yachidule inalipo. Doctrine ali ndi chochitika cha documentNotFound, chimene munthu akhoza kuchimvetsera n'kuitana disableException kuti vutolo lisaponyedwe. Ndinaikana chifukwa proxy imakhalabe yopanda kanthu, ndiye kaundula akanalemba kuti ngongole yachoka kwa munthu wopanda dzina, kapena vuto likanangosamukira pa mzere wotsatira. Kuzimitsa sefa mkati mwa listener nakonso sindinakukonde, chifukwa kumakweza dokumenti yonse ya wantchito pakati pa flush, kutumiza kwa zosintha ku database, ndi kuisiya m'chikumbumtima cha Doctrine kwa khodi ina iliyonse imene ikubwera pambuyo. Ndinaona kuti cholakwa chenicheni chinali chakuti kaundula ankapisa dzanja m'thumba pomwe iye amangofunika nambala yolembedwa kunja. UnitOfWork ili ndi getDocumentIdentifier, imene imabweza nambala ya dokumenti popanda kudzutsa proxy. Dzina, lomwe owerenga kaundula amalifunadi, ndinalitenga pofunsa collection mwachindunji kudzera pa getDocumentCollection, njira imene sefa siifikako, n'kupempha field imodzi yokha ya dzina.

Apa ndinapunthwa pang'ono, ndipo ndi bwino ndinene kuti ena asapunthwenso. Nambala imene getDocumentIdentifier imabweza ndi string ya PHP, pomwe mu database muli ObjectId, ndipo MongoDB saziona ziwirizi ngati chinthu chimodzi. Funso langa loyamba linabwerera chimanjamanja popanda kudandaula kulikonse. Nditaidutsitsa nambalayo pa getDatabaseIdentifierValue ya ClassMetadata, dzina linabwera. Madzulo a tsiku lomwelo a manijala anagawa ngongole zonse, ndipo ine ndinkayesa ntchito yatha.

Funso la owerengera chuma

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kukasayinitsa pepala la ntchito, ndipo bambo owerengera chuma, munthu wachikulire wosunga mafomu onse m'mafayilo a makatoni, anandikodola.

"Achimwene, popeza mwamutsegula kale kaundulayu, tandithandizeni ichi. Ngongole iyi inali ndi chindapusa cha kuchedwa, pano chindapusacho palibe, koma mu kaundula mulibe mzere uliwonse wonena za icho. Wachichotsa ndani?"

"Bambo, ngati chasintha kudzera mu pulogalamu, mzere uyenera kukhalapo," ndinatero, ndipo ndikuvomereza kuti ndinayankha modzidalira kwambiri.

Nkhaniyi inali itafika kale poipa. Chindapusa chimachotsedwa kawirikawiri pa kauntala, membala akabwera kudzalipira n'kudandaula, ndipo mtsikana wolandira ndalama pa kauntalapo anali atayamba kuyang'anidwa ndi diso lina, ngati kuti wapeza njira yosinthira manambala mozemba kaundula. Iye ankanena kuti anachichotsa pa tsamba la malipiro monga amachitira nthawi zonse, fomu yovomereza ili m'manja, ndipo fomuyo inapezekadi m'fayilo, yosayinidwa ndi a manijala. Chimene chinasowa ndi umboni wa pulogalamu wokha.

Ndinakweza backup ya usiku pa laputopu yanga n'kuyesa kusintha kumodzimodzi pa ngongole imodzimodzi kudzera njira ziwiri. Nditatsegula ngongoleyo pa tsamba lake n'kuchotsa chindapusa, mzere unalembedwa. Nditabwezera zonse n'kuchotsa chindapusacho kuchokera pa tsamba la malipiro, database inasintha bwinobwino koma kaundula anangokhala chete, popanda vuto mu log, popanda chenjezo. Ndinaika mzere wosindikiza zimene get_class ikubweza pa dokumenti iliyonse yofika mu listener. Pa njira yoyamba panatuluka App\Document\Ngongole. Pa yachiwiri panatuluka MongoDBODMProxies\__PM__\App\Document\Ngongole\Generated, kutsogolo kwake kuli mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala.

Tsamba la malipiro limayamba ndi kukweza dokumenti ya malipiro, ndipo ngongole imabwera ngati proxy yolendewera pa iyo. Ukaitana njira yochotsera chindapusa, proxy imadzidzaza, kusinthako kumachitika, UnitOfWork imakuona ndi kukusunga monga mwa nthawi zonse. Koma thumba likadzaza silisanduka thumba lina: object ija imakhalabe ya kalasi ya proxy mpaka pempho lonse litatha. Komanso Doctrine amasunga object imodzi yokha pa dokumenti iliyonse mu identity map, kotero kuti ngongole ikayamba kufika ngati proxy, ngakhale utaifunsanso ndi find pambuyo pake, amakupatsa proxy yomweyo. Ichi ndicho chinkapangitsa kuti vutoli lizioneka ngati la mwayi. Pa tsamba limodzi losintha ngongole zambiri nthawi imodzi, zina zinkalowa mu kaundula zina ayi, kutengera kuti ndi iti imene inali itakhudzidwa kale kudzera pa dokumenti ina.

Listener inali ndi mndandanda wa makalasi oyenera kulondoledwa, ndipo inkayerekeza dzina la kalasi ya dokumenti ndi mndandandawo pogwiritsa ntchito in_array. Mnzanga uja ankadziwa za ma proxy, sanali wosasamala. Asanayerekeze ankadutsitsa dzinalo pa ClassUtils::getRealClass ya mu doctrine/common, imene imafufuza chizindikiro cha __CG__ m'dzina la kalasi n'kudula zonse za kumbuyo kwake. Mu ODM 1.x ma proxy ankapangidwa ndi doctrine/common ndipo ankakhaladi ndi chizindikiro chimenecho. Koma ODM 2.0, imene inatuluka mu 2019, inasamukira ku ProxyManager, chida china chopangira ma proxy, yomwe chizindikiro chake ndi __PM__. ClassUtils ikapanda kupeza __CG__ siidandaula, imangobweza dzinalo mmene yalilandirira, ndiye in_array inkati kalasi imeneyi si ya pa mndandanda, listener n'kudumpha dokumentiyo ngati chinthu chosafunika kulondoledwa.

Amene anakweza pulogalamuyi kuchoka pa 1.x kufika pa 2.x ndine, miyezi ingapo izi zisanachitike, titachedwa nazo zaka. Ndinawerenga malangizo a kasamukidwe, ndinakonza zonse zimene zinkaphulika, ndipo mayeso onse anadutsa. Nditawaonanso mayeso a kaundula ndinapeza kuti onse ankapanga ngongole ndi new kapena kuikweza ndi find pa DocumentManager (khomo la Doctrine lokwezera ndi kusungira madokumenti) yoyera, kotero kuti panalibe ngakhale amodzi amene proxy inafikamo mu listener. Mayesowo ankayesa njira yokhayo imene sinawonongeke.

Kukonza kwake kunali kwa mzere umodzi. M'malo mwa ClassUtils, dzina la kalasi tsopano limachokera ku getClassMetadata ya DocumentManager kenako getName, chifukwa mbali imeneyo ya Doctrine imadziwa yokha kumasulira dzina la proxy ya mtundu umene iye akugwiritsa ntchito. Posankha zoyenera kulondoledwa ndinasiyiratu mndandanda wa maina. Makalasi oyenerawo tsopano ali ndi interface imodzi, ndipo listener imafunsa ndi instanceof, imene imavomera proxy popeza ndi mwana wa kalasi yeniyeniyo. Ndikudziwa kuti PHP 8.4, ya mu Novembala 2024, inabweretsa ma lazy object a mu chilankhulo chenichenicho, amene amasunga dzina la kalasi yeniyeni, ndipo tsiku lina vuto la maina lidzatha lokha. Koma khodi imene sidalira maonekedwe a dzina ipulumuka kusamuka kumeneko popanda kukhudzidwa, pomwe vuto la sefa lija silidzatha nako, chifukwa object yaulesi ya mtundu uliwonse imayenerabe kupita ku database ikafunsidwa.

Zina zimene zinatulukira ndikuwerenga kaundula wakale

Popeza chikhulupiriro changa pa kaundulayu chinali chitagwedezeka, ndinakhala pansi n'kuwerenga mizere yakale yambiri ndi maso. Pa kusamutsa membala kuchoka ku nthambi ina kupita ku ina, komanso pa kusintha mboni ya ngongole, listener sinkatenga dzina monga inkachitira ndi alangizi, koma inkasandutsa object yonse kukhala array n'kuisunga. Kusandutsa kotere sikudzutsa proxy. Object ikakhala yodzaza, mu kaundula munkalowa dokumenti yonse ya membala, nambala ya chiphaso cha unzika ndi ya foni zili momwemo. Ikakhala proxy yosadzaza, munkalowa nambala yokha pamodzi ndi ma field awiri a ProxyManager a maina oyamba ndi initializer ndi initializationTracker. Ndiye panali mizere yooneka ngati ikunena kuti mboni yakale inalibe dzina. Mbali yodzazayo ndi imene inandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kaundula amawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa amene amaloledwa kutsegula mbiri ya membala, ndipo dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024. Tsopano chilichonse choloza ku dokumenti ina chimalembedwa mofanana: kalasi, nambala, ndi dzina limene linalipo pa nthawiyo, basi. Mizere yakale ndinaichotsamo manambala a ziphaso ndi a foni nditalandira chilolezo cholembedwa cha komiti, ndipo kuchotsako nakonso kunalembedwa.

Polembanso listener ndinayesa kuitana flush mkati mwake kuti mizere ya kaundula isungidwe pompopompo, koma ODM 2.x imakana zimenezi ndi uthenga wakuti kusunga kwina kuli kale mkati. Njira yake ndi kuitana persist pa mzere watsopanowo kenako computeChangeSet ya UnitOfWork, kuti ulowe mu flush yomwe ikuchitikayo. Ukaiwala computeChangeSet mu onFlush, Doctrine amakhala atamaliza kale kuwerengera zosintha, ndipo mzere wako sukhala ndi zoti zilembedwe.

Mayeso atsopano amachita chinthu chilichonse kawiri. Ulendo woyamba amakweza dokumenti ndi find, wachiwiri amayamba ayeretsa DocumentManager ndi clear n'kutenga dokumenti yomweyo ndi getReference, imene imabweza proxy yosadzaza, ndipo mizere ya kaundula ya maulendo awiriwa iyenera kufanana chilembo ndi chilembo. Pali ena amene amatseka wantchito asanasamutse ngongole yake, ena amene amamufufutiratu, ndi ena amene amatsimikiza ndi isProxyInitialized kuti flush ikatha proxy ya mlangizi wakale ikadali yosadzutsidwa. Nditabwezera khodi yakale kwa kanthawi kuti ndione ngati mayesowo akugwiradi, onse anagwa monga ndinkafunira.

Mpata umene unatsala

Chovuta kwambiri kuchinena kwa komiti chinali chakuti mizere imene sinalembedwe kuyambira tsiku la kusamuka kuja siingabwerere. Seva yathu ya MongoDB inali yoima payokha, ndipo seva yotere ilibe oplog, mndandanda wa zosintha zonse zochitika mu database, yomwe imapezeka pa replica set yokha, kutanthauza gulu la ma seva okoperana deta. Tinali ndi ma backup a mongodump a usiku uliwonse, koma tinkasunga a masabata ochepa okha chifukwa cha malo, ndipo ngakhale pa masiku amene alipo, kuyerekeza backup ya dzulo ndi ya lero kumangoonetsa kuti chindapusa chinalipo ndipo kulibe, sikunena kuti wachichotsa ndani kapena nthawi yanji. Ndinalemba pulogalamu yaing'ono yoyerekeza ma backup otsatizana n'kutulutsa zosintha zonse pa ngongole zimene zilibe mzere mu kaundula. Bambo owerengera chuma anatenga mndandandawo n'kuulondola ndi mafomu a m'makatoni awo limodzi ndi limodzi, ntchito imene inawatengera masiku angapo. Pa miyezi ya m'mbuyo imene ma backup ake anali atafufutidwa kale, mafomuwo ndiwo umboni wokhawo.

Komiti inafunsa ngati ndingathe kudzaza mpatawo polemba mizere kuchokera pa mafomu. Ndinapempha kuti tisatero. Mzere wolembedwa lero ndi dzanja langa, wokhala ndi deti la miyezi yapitayo, ukhoza kuoneka ngati pulogalamu inaona zimene sinaone, ndipo owerengera chuma akunja akadzazindikira zimenezo sadzakhulupiriranso mzere wina uliwonse. Tinagwirizana zolemba chikalata chonena tsiku limene vuto linayamba, tsiku limene linakonzedwa, masamba amene anakhudzidwa ndi chifukwa chake, n'kuchiika pamodzi ndi mndandanda umene bambo aja anaulondola. Ndinapemphanso kuti m'chikalatamo mulembedwe momveka kuti wolandira ndalama pa kauntala anatsata ndondomeko ndipo chimene chinalephera ndi pulogalamu, ndipo a manijala anamuitana n'kumuwerengera ndimeyo pamaso pa anzake.

Chinthu chimene chinandikhala pamtima n'chakuti kaundula analibe womuona. Akadumpha chinthu, panalibe chachiwiri chonena kuti wadumpha. Ndinasandutsa seva ija kukhala replica set ya membala mmodzi, zomwe sizipereka chitetezo cha seva yachiwiri koma zimatsegula oplog ndi ma change stream, njira yomvera kusintha kulikonse pamene kukuchitika mu database, amene MongoDB anawabweretsa mu 3.6 mu 2017. Kuyambira pa 6.0, ya mu 2022, change stream ikhoza kubweretsanso dokumenti mmene inalili isanasinthe ngati wayatsa changeStreamPreAndPostImages pa collection imeneyo, ndipo seva yathu ili pa 6.0. Sindinafune kuti change stream ilowe m'malo mwa listener, chifukwa database siidziwa kuti amene wakhala pa kompyuta ya pa kauntala ndi ndani. Imangoona akaunti imodzi ya pulogalamu. Ntchito yake ndi yowerengera chabe: imalemba nambala ya ngongole iliyonse imene yasintha ndi nthawi yake, ndipo usiku uliwonse mndandanda umenewo umayerekezedwa ndi kaundula. Pakapezeka kusiyana, uthenga umapita kwa ine ndi kwa owerengera chuma.

Masabata oyamba panalibe kusiyana kulikonse. Usiku wa kutha kwa mwezi uthenga unabwera wokhala ndi pafupifupi ngongole zonse zochedwa kubwezedwa. Sanali ma proxy ulendo uno. Inali command imene ndinalemba ndekha chaka chatha, yoika chindapusa pa ngongole zochedwa pogwiritsa ntchito updateMany ya query builder, imene imapita ku MongoDB mwachindunji osadutsa pa UnitOfWork, choncho onFlush siichitika n'komwe. Chindapusa chimene bambo aja ankafunsa kuti wachichotsa ndani, kuikidwa kwake nakonso kunalibe mzere. Pamene ndikulemba lipotili, command imeneyo ikukweza ngongole m'magulu ang'onoang'ono kudzera pa DocumentManager, kuitana flush ndi clear pa gulu lililonse, ndipo pa malo a wosintha pakulembedwa dzina la commandyo. Ikutenga mphindi zingapo pomwe kale inkatha m'kuphethira kwa diso, ndiye ndaisuntha kuti iziyamba ofesi itatsekedwa, backup ya usiku isanayambe.